Kodi Kuswera m'Munda wa Mitengo n'Kutaya Nthaŵi?

Lamulungu lina, itatha Nsembe ya Misa, ife a mabanja angapo a mphakati umodzi tidanyamula mikeka, mbatata yophika ndi thobwa, n'kupita kukaswera m'munda wa boma wa mitengo ndi maluŵa mu mzinda wa Zomba. Pobwerera madzulo tidalandiridwa ndi mawu onyoza. Ena adati zimenezo n'zachizungu. Ena adati munthu wamkulu sangathe tsiku lonse akuyang'ana mitengo ngati alibe chochita. Popeza mawu otere adachokera kwa Akhristu anzathu, tafuna kuwayankha poyera.

Tiyambe ndi nkhani ya chizungu. N'zoona kuti munda umenewu adauyamba mu 1891 ndi Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa ku Scotland amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, ndipo cholinga chidali kuyesamo mbewu zoti zipindulitse boma la atsamunda. Koma ulamuliro wa atsamunda udatha mu 1964. Mundawu tsopano uli m'manja mwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene Nyumba ya Malamulo yathu idakhazikitsa mu 1987, ndipo lili ndi minda ina ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Mtsinje wa Mulunguzi umene umadutsa m'mundamo sudachokere ku Ulaya. Umatsika m'phiri la Zomba. Mkungudza wa ku Mulanje akatswiri adautcha Widdringtonia whytei potengera dzina la Whyte yemweyo, komabe unkamera paphiripo iye asadabadwe. Kodi tiukane mtengo wa fuko lathu chifukwa cha dzina lachilatini?

Nanga za kutaya nthaŵi? Tiyeni tione m'mene mabanja ambiri a m'tauni amathera Tsiku la Ambuye. Wansembe akangodalitsa, bambo alunjika ku moŵa kapena ku bawo, mayi aŵerama pa zochapa za mlungu wonse, ana amwazikana, wina ku kanema, wina maso pa lamya ya m'manja. Banja limene m'maŵa lidagwada pa benchi limodzi silionananso mpaka kudye. Zimenezi palibe amazitcha kutaya nthaŵi. Koma bambo akakhala pansi pa mtengo ndi ana ake, ndiye wasoŵa chochita!

Eklezia saphunzitsa choncho. Mu 1998 Papa Yohane Paulo Wachiŵiri adalemba kalata yotchedwa Dies Domini, yokumbutsa kuti Lamulungu ndi tsiku la Misa, komanso la kupuma, la banja ndi la kusinkhasinkha ntchito za Mlengi. Mu 2015 Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si', adadandaula za mizinda imene anthu ake azingidwa ndi simenti ndi phula, natalikirana ndi chilengedwe. Malembo Oyera nawonso amatiuza kuti malo oyamba amene Mulungu adapatsa munthu adali munda. Kuti Ambuye Yezu ankakonda kupita ndi ophunzira ake ku munda wa Getsemani. Ndi kuti manda amene adaukamo adali m'munda.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limenelo tidaona zimene sitiziona kunyumba. Agogo ena adafunsa ana kuti atchule mitengo isanu ya kwathu. Ambiri adathera pa mango ndi bulugamu. Agogowo adayamba kufotokoza za mbaŵa, mlombwa ndi mkuyu: wopala matabwa ndi uti, wa mankhwala ndi uti, wokonda m'mbali mwa mtsinje ndi uti. Bambo wina, atakhala ndi mwana wake pa mwala m'mbali mwa madzi, adamva koyamba kuti mnyamatayo wakhala akuthaŵa sukulu chifukwa cha anzake omuzunza. Mawu amenewo sakadatuluka m'nyumba yodzaza phokoso la wailesi.

Aŵerengi okondedwa, nkhaniyi si yaing'ono. Yang'anani phiri la Ndirande ku Blantyre, limene lidali ndi nkhalango koma lidametedwa mpala. Mwana wosadziŵa dzina la mtengo adzauona ngati thumba la makala basi, ndipo munda umene mabanja saupondamo sudzasoŵa wina wonena kuti malowo akungogona, ndi bwino amangepo sitolo. Wolemera ali ndi kapinga ndi maluŵa kumpanda kwake. Mmphaŵi wokhala m'nyumba ya lendi alibe mthunzi wina koma wa munda wa onse.

Sitikubisa kuti m'malo otere mumapezeka mabotolo otayidwa, mapepala a pulasitiki ndi achinyamata a makhalidwe okayikitsa. Koma zimenezi zimakula kumene makolo athaŵako. Ife tidatola zinyalala zathu ndi zina zimene tidazipeza, ndipo ana adaona.

Choncho tikupempha miphakati yonse: sankhani Lamulungu limodzi, yambani ndi Misa, nyamulani chakudya cha kunyumba, tengani agogo ndi ana, mukaswere pansi pa mitengo. Amene alibe munda wa boma pafupi ali ndi mtsinje, phiri kapena nkhalango ya mudzi. Mukadzabwerako, ndipo mudzatiuze ngati mwataya nthaŵi.