Otuluka m'mabungwe ndi andale, olipira ndife

Anzanga a geni, dzulo ku Eastleigh tinatsutsana za Mali, Burkina Faso ndi Niger, omwe anatuluka mu ECOWAS mu Januwale 2025. Ena akuti nafenso Amalawi tituluke m'mabungwewa, tiziyendera yathu. Ine ndiye ayi.

Malawi ndi Kenya onse ali mu COMESA. N'chifukwa chake katundu wopangidwa kuno, akakhala ndi satifiketi, amalowa kwathu popanda dyute. Titatuluka, ngati mmene inachitira Tanzania mu 2000, dyuteyo alipira ndani? Si nduna ayi, koma iwe ndi ine.

Mwaiwala Epulo 2025, Tanzania italetsa zokolola za ku Malawi? Geni inaima pa Songwe. Musanaombe m'manja, werengani kaye mpamba wanu.