Nyumba zatsopano pakati pa zakale: nkhani ya ku Bulawayo

Munthu akaima m'paki ya Centenary mumzinda wa Bulawayo n'kuyang'ana kum'mawa, amaona dera la Suburbs: mapuloti akuluakulu, iliyonse ya nyumba imodzi, bwalo lonse lili mbee. Makilomita ochepa kumadzulo, ku mafulati a Burombo ndi Sidojiwe omwe atsamunda anamangira amuna ogwira ntchito opanda mabanja, mabanja athunthu akhala akupanikizana m'chipinda chimodzi kwa zaka zambiri.

Mzindawu wakhala ukukula chotambalala. Dera la Cowdray Park, lomwe paki yake ili m'dzina mokha, lili kunja kwenikweni, ndipo nyumba zomwe boma linamangako pambuyo pa Operation Murambatsvina ya 2005 zinaperekedwa kwa anthu mipope ya madzi ndi ya zonyansa isanafike. Mlimi akudziwa mtengo wa kakulidwe kotere, pakuti malo omwe tauni yameza sabwereranso kukhasu kapena kumsipu.

Njira ina ndiyo kudzaza mipata ya m'kati mwa mzinda momwe misewu, magetsi ndi mipope zilipo kale. Puloti imodzi ya ku Suburbs ikhoza kulandira kanyumba kena kuseri, kapena nyumba zinayi zogundizana khoma, kapenanso nyumba yosanja kawiri kapena katatu pangodya ya msewu. Paki ndiyo imachititsa kuti zimenezi zipiririke: banja lopanda bwalo lalikulu limakhala ndi kosewerera ana ndi kopumira pamthunzi.

Vuto limayambira pa zithunzi. Zojambula za akatswiri zimaonetsa makoma owala ndi kapinga wobiriwira, koma sizionetsa poyanika zovala, pophikira magetsi akazima, kapena kadimba ka ndiwo zamasamba komwe kamadyetsa banja ndalama zikatha. Sizionetsanso mpope wa zonyansa, womwe unayezedwa kalekale kuti utumikire banja limodzi osati anayi. Ku Bulawayo nkhani ya madzi si yochezera. Mu 2020 madamu monga Umzingwane ndi Upper Ncema atauma, mipope inkatsekedwa masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndipo ku Luveve anthu anamwalira ndi matenda otsegula m'mimba.

Choncho mlangizi wa chitukuko asadalire pepala lokha. Atenge zikhomo ndi chingwe, akhome pamalo penipenipo kukula kwa nyumba yomwe ikuganiziridwa, aimike nsungwi yosonyeza msinkhu wake, kenaka aitane eni dera adzayendemo m'mawa ndi madzulo. Mayi wokhala moyandikana adzaona yekha ngati mthunzi wa khomalo ugwera pa ndiwo zake. Obwereka zipinda, omwe nthawi zambiri saitanidwa ku misonkhano ya eni mapuloti, aitanidwenso, chifukwa ndiwo adzalowe m'nyumbazo. Ndipo pamsonkhanopo injiniya wa khonsolo afunsidwe poyera kuti mpope wa mumsewuwo ungathe kunyamula mabanja angati.