Mayeso a Jogalafe m'boma la Chama: mapamfuleti aculuka, mapu akusowa

Mwana wa sukulu wa Giredi 12 amene akukonzekera mayeso a Jogalafe m'boma la Chama angathe kupeza mayankho osiyana pa funso lapafupi lakuti boma lake lili m'cigawo citi. Buku limene linasindikizidwa caka ca 2011 cisanafike lidzamuuza kuti Chama ili m'cigawo ca Kum'mawa, ndipo kuti dziko la Zambia lili ndi zigawo 9 ndi maboma 72. Buku lina la pakati pa 2012 ndi 2021 lidzaika Chama m'cigawo ca Muchinga, cimene malemu a Michael Sata anakhazikitsa mu 2011, likulu lake ku Chinsali. Koma mu Novembala 2021, mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anabweza boma la Chama ku cigawo ca Kum'mawa. Zigawo tsopano ndi 10.

Buku lakale kwambiri lija lakhoza dzina la cigawo mwangozi cabe, pamene lalakwa pa zina zonse. Izi zikuonetsa vuto limene lili pa zipangizo zophunzirira Jogalafe. Phunziro limeneli limakamba za dziko limene likusintha caka ndi caka, koma mapepala amene ana ambiri amaloweza pamtima sasintha.

Mayeso a Jogalafe a Giredi 12, amene amakonzedwa ndi bungwe la Examinations Council of Zambia, ECZ, ali ndi mbali zitatu. Pepala loyamba ndi la mafunso osankha yankho, ndipo mwa mafunsowo muli gawo la kuwerenga mapu. Pepala laciwiri limafuna kuti mwana alembe ndi kufotokoza za Zambia ndi maiko oyandikana nayo: ulimi, nkhalango, usodzi, migodi, magetsi, nyama za m'thengo ndi alendo okaona malo. Mbali yacitatu ndi kafukufuku wa kunja kwa kalasi, amene mwana amacita yekha ndi kulemba lipoti lake, aphunzitsi ake n'kulicongera pa sukulu pomwepo.

Pa mbali zitatuzi, mapamfuleti amathandizako pa yaciwiri. Ndi cifukwa cake aculuka. Ndi ochipa, amakopedwa mosavuta pa makina, ndipo masiku ano amayenda pa WhatsApp kucokera ku Lusaka kapena ku Copperbelt mpaka kufika pa foni ya mphunzitsi wa ku Kambombo tsiku lomwelo. Palibe amene angawanyoze kotheratu, cifukwa m'kalasi imene buku limodzi likugwiridwa ndi ana ambiri, pamfuleti ndiye cokhaco cimene mwana amapita naco kunyumba. Koma pamfuleti sadutsa ku Curriculum Development Centre, nthambi ya Unduna wa Zamaphunziro imene imaona ndi kuvomereza mabuku a m'sukulu. Kawirikawiri pacikuto palibe dzina la wolemba kapena caka cimene analembera. Mwana amene akuwerenga kuti m'Zambia muli anthu 13 miliyoni sadziwa kuti ciwerengero cimeneco ndi ca kalembera wa 2010, ndi kuti kalembera wa 2022 anapeza anthu okwana 19.6 miliyoni. Amene waloweza maina a malo opangira magetsi kucokera mu notsi zakale adzachula Kariba, Kafue Gorge ndi Victoria Falls, n'kusiya Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, imene inatsegulidwa yonse mu 2023.

Zolakwa zoterezi mphunzitsi wacangu angathe kuzikonza ndi coko pa bolodi. Cimene sangakonze ndi coko ndi kusowa kwa mapu.

Mapu amene amabwera m'cipinda ca mayeso ndi cidutswa ca mapu a Survey Department, kawirikawiri a sikelo ya 1:50,000. Pa sikelo imeneyi masentimita 2 pa pepala ndi kilomita imodzi pansi, ndipo kabokosi kalikonse ka mizere yopingasana kamaimira malo a kilomita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Mwana amafunsidwa kupeza sukulu kapena mlatho pogwiritsa nchito manambala anai kapena asanu ndi limodzi, kuyeza kutalika kwa msewu wokhotakhota ndi ulusi kapena m'mphepete mwa pepala, kunena mbali imene mtsinje ukulowera, ndi kuzindikira phiri, cigwa kapena phompho poyang'ana mizere yoonetsa kukwera kwa malo. Pamene mizereyo yathithikana ndiye kuti malowo ndi otsetsereka kwambiri, pamene yatalikirana ndi pacidikha. Zonsezi ndi luso la manja ndi maso, longa kusoka kapena kupala matabwa. Munthu saliphunzira pomvera cabe.

Apa ndi pamene makina okopera mapepala amapusitsa. Mapu enieni ali ndi mitundu: mitsinje ndi yobiriwira ngati kumwamba, mizere ya kukwera kwa malo ndi yofiirira, nkhalango ndi zobiriwira ngati masamba. Akawakopa ndi inki yakuda yokha, mtsinje, kanjira ka miyendo ndi mzere wa phiri zonse zimaoneka cimodzimodzi. Ndiponso wokopayo akacepetsa mapu kuti akwane pa pepala laling'ono, sikelo yolembedwa ija imakhala yabodza, ndipo mwana amene wayeza bwino ndi lula amapeza yankho lolakwa. Pa foni vuto limakulirapo, cifukwa cithunzi cimakula ndi kucepa malinga ndi zala za mwini foni. Conco mwana angathe kukhala ndi mapepala onse a mayeso a zaka khumi zapitazi mu foni, koma n'kukagwira mapu enieni kwa nthawi yoyamba pa tsiku la mayeso, woyang'anira ali ciimire ndipo nthawi ikutha.

Boma lakhala likuyesa njira za makono. Mu 2020, sukulu zitatsekedwa cifukwa ca matenda a Covid-19, Unduna wa Zamaphunziro unatsegula maphunziro a pa wailesi ya kanema, ndipo pamodzi ndi ECZ ndi kampani ya Zamtel anakhazikitsa njira ya pa intaneti yochedwa Smart Revision, yothandiza ana kubwereza mafunso a mayeso. Kale pang'ono, kuyambira mu 2000, pulogilamu ya Taonga Market inaonetsa kuti wailesi ingathe kufikitsa maphunziro kwa ana aang'ono a kumidzi yakutali. Koma njira iliyonse ili ndi polekezera. Wailesi ingafotokoze bwino mmene mvula imapangikira, koma singaonetse mapu. Intaneti imafuna foni yamakono, ndalama za bandulo, netiweki ndi magetsi. Tauni ya Chama inakhala zaka zambiri ikudalira magetsi a injini za dizilo, ndipo mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, ngakhale a m'mizinda ikuluikulu anali kukhala mumdima pafupifupi tsiku lathunthu. Caka comweco sukulu zinacedwa kutsegulidwa mpaka pa 12 Febuluwale cifukwa ca kolera. Mwana wa kwa Chifunda kapena kwa Chikwa, kumene mitsinje ikadzaza m'dzinja ulendo wa ku boma umakhala wovuta, ndiye amene anali ndi mwai wocepa wobwezera masabata otayikawo pa intaneti.

Komabe pali cinthu cimodzi cimene mwana wa ku Chama amaposera mnzake wa ku Kabulonga, ndipo n'zacisoni kuti sicigwiritsidwa nchito mokwanira. Zambiri zimene silabasi imakamba zili pakhomo pake.

Boma la Chama lili m'cigwa ca Luangwa, cimodzi mwa zigwa zimene zinapangika pamene nthaka inang'ambika ndipo mbali yapakati inatitimira. Cakumadzulo kuli mapiri a Muchinga, amene ndi khoma la cigwaco. Mwana amene anakwerapo galimoto kucoka ku Chama kupita ku Lundazi amadziwa ndi thupi lake kuti kumtunda kumazizira kuposa kucigwa, ndipo cimene buku limawonjezera ndi nambala cabe, yakuti kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Mtsinje wa Luangwa, umene umacokera ku mapiri a Mafinga n'kukathira mu Zambezi ku Feira, umakhotakhota, kugumula gombe lakunja ndi kuunjika mcenga ku gombe lamkati, ndipo ukadula njira umasiya mathamanda opindika ngati nyanga. Ana a m'tauni amajambula cithunzi ca thamanda lotere kucokera m'buku, pamene ana a kucigwa amakaweza nsomba m'menemo. Kutsidya kuli malo osungirako nyama a North Luangwa, kumene zipembere zakuda zinabwezeredwa kuyambira mu 2003 mothandizana ndi bungwe la Frankfurt Zoological Society, ndipo mbali yaikulu ya bomali ili m'dera la nyama la Musalangu. Funso la m'mayeso lokhudza mkangano wa pakati pa anthu ndi nyama ndi nkhani ya njovu zimene makolo a mwanayo amagonera m'munda kuzipirikitsa. Mpunga wa Chama, umene umadziwika m'masitolo a ku Lusaka ndipo bungwe la COMACO limagula kwa alimi, ndi phunziro lathunthu la nthaka ya m'madambo, misika ndi mtengo wa mayendedwe. Ngakhale masamu a kuculuka kwa anthu ali pomwepa: malo oposa masikweya kilomita 17,000, anthu oposa pang'ono 100,000 pa kalembera wa 2010, kutanthauza anthu pafupifupi 6 pa sikweya kilomita imodzi.

Kafukufuku wa kunja kwa kalasi anaikidwa m'mayeso kuti zinthu zoterezi zisanduke malikisi. Safuna ndalama zambiri. Ana angathe kukhoma zikhomo m'mbali mwa kamtsinje mvula isanayambe ndi kudzayeza m'mwezi wa Epulo kuti gombe ladyeka motani. Angathe kufunsa mabanja makumi awiri za matumba a mpunga amene anakolola, mtengo umene anagulitsira pakhomo ndi mtengo wa ku msika. Angathe kujambula mapu a mudzi ndi kuika cizindikiro pa munda uliwonse umene njovu zinaononga, n'kuona ngati mindayo ili kufupi ndi madzi. Coyezera mvula cingapangidwe ndi botolo ndi lula. Cofunika ndi nthawi ya mphunzitsi, cilolezo ca mafumu a midzi, ndiponso kusamala, cifukwa Luangwa ndi mtsinje wa ng'ona ndi mvuu, suli woti ana n'kupitako okha. Ngozi ina ndi ya ulesi. Lipoti lokonzeka kale la zinyalala za m'komboni ina ya ku Lusaka limayendanso pa WhatsApp, ndipo mwana amene walikopa n'kusinthako dzina la malo amataya mwai wokhawo umene anali nawo wolemba za cinthu cimene amacidziwa kuposa wocongayo.

Palinso nkhani ya cinenero. Kunyumba ana ambiri a ku Chama amalankhula Cisenga kapena Citumbuka, pamene mayeso ndi a m'Cingelezi. Mwana angadziwe bwino lomwe cifukwa cimene mpunga umakondera dambo, koma n'kulephera kusiyanitsa funso lofuna kuti achule cabe ndi funso lofuna kuti afotokoze cifukwa. Pamfuleti wa mayankho okonzeka saphunzitsa kusiyana kumeneku. Amene amaphunzitsa ndi mphunzitsi amene amapereka funso, kuconga, ndi kubweza pepala lili ndi ndemanga.

Ndiye apa pakubwera kuculuka kwa ana. Kuyambira mu Januwale 2022 maphunziro ndi aulere mpaka Giredi 12, ndipo ana ambiri amene anali atasiya sukulu anabwerera. Caka comweco Boma linalemba nchito aphunzitsi 30,496. Zonsezi ndi zabwino, koma mapu khumi amene anali kukwanira kalasi ya ana makumi atatu sangakwanire kalasi imene yawirikiza, ndipo mphunzitsi mmodzi sangaconge malipoti a kafukufuku mazana awiri mosamala monga momwe akanacongera makumi asanu.

Ndalama zogulira zipangizo sizili kutali monga kale. Thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni pa dera lililonse la phungu, kuphatikizapo Chama North ndi Chama South. Mbali ya ndalamazi yapita ku madesiki, zipinda zophunziriramo ndi kulipirira ana osauka m'sukulu zogonera komweko. Zimenezi zimaoneka ndi maso, ndipo pali cojambula pa tsiku lopereka. Mapu makumi asanu okutidwa ndi pulasitiki kuti asang'ambike, mabuku a mapu a posacedwapa ndi mbulunga ya dziko imodzi pa sukulu sizikopa makamera, ngakhale kuti mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi cipinda cimodzi. Makomiti a citukuko a m'mawadi ndi amene amapereka zofuna za anthu, ndipo aphunzitsi a Jogalafe akapanda kukalankhula kumeneko, palibe wina amene adzakumbukira za mapu.

Zina sizifuna n'komwe thumba la CDF. Mapu amene amatsala mayeso akatha caka ndi caka angathe kusungidwa bwino m'kabati m'malo mokutira mabuku. Malo othandizira aphunzitsi a pa boma, pansi pa ofesi ya DEBS, angathe kusonkhanitsa mapuwo ndi kuwabwereketsa kwa sukulu zatsopano za kumidzi, zimene zinakwezedwa kukhala za sekondale zilibe nkhokwe ya zaka zambiri ngati ya Chama Boarding. Aphunzitsi a m'bungwe la SOSTAZ angathe kukhala pansi kamodzi pa caka ndi kulemba tsamba limodzi la ziwerengero zimene zasintha, caka cake cili pamwamba, loti limatidwe mkati mwa cikuto ca buku lililonse lakale. Popeza likulu la cigawo ku Chipata lili pa mtunda wa makilomita oposa 300, nchito zoterezi zimafulumira zikacitikira ku Chama komweko.

Nkhaniyi yafika pa nthawi imene sukulu zikuyendetsa masilabasi awiri pamodzi. Ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya 2023 inayamba ndi Fomu 1 mu 2025, pamene ana amene anayamba ndi ndondomeko yakale akupitiriza nayo mpaka atatsiriza Giredi 12. Mabuku atsopano adzabwera pang'onopang'ono, kalasi ndi kalasi, ndipo mapamfuleti a silabasi yakale adzakhala akuyendabe m'mafoni kwa zaka zingapo, osalembedwa kuti ndi a gulu liti. Mapu a 1:50,000 okha ndi amene angagwiritsidwe nchito ndi magulu onse awiri popanda kusinthapo kanthu.