ANTHU OCHUKA: Mai Agatha Christie, mlembi wa nthano za milandu

Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse lapansi, m'tauni ya Torquay ku Mangalande munali mai wina wacicepere amene anali kugwira nchito yosakaniza mankhwala m'cipatala ca asilikali ovulala. Nchitoyo inali yofuna maso, pakuti mankhwala amene aciritsa munthu akamwa pang'ono ndi omwewo amene amupha akapyola muyeso. Dzina la maiyo linali Agatha Christie, ndipo nzeru imene anatola pakati pa mabotolo aja inawadyetsa moyo wao wonse.

Mai Christie anabadwa pa 15 Sepitembala 1890 ku Torquay komweko. Ali mwana anaphunzira pakhomo, ndipo kuwerenga anadziphunzitsa okha. Atate ao anamwalira mu 1901 ndi kusiya banja pa mabvuto a ndalama. Mu 1914 anakwatiwa ndi Archibald Christie, msilikali woyendetsa ndeke.

Buku lao loyamba, The Mysterious Affair at Styles, analilemba mu 1916, mkulu wao Madge atawaderera kuti sangathe kulemba nthano ya mlandu. Ndi nkhani ya mai wolemera amene anaphedwa ndi ciphe m'nyumba mwace momwe. Osindikiza angapo analikana, mpaka linaturuka mu 1920 ndi kuwabweretsera mapaundi 25 cabe. M'bukumo ndimo munayamba kuoneka Hercule Poirot, wofufuza milandu wa ku Belgium, kamunthu kakafupi, ka ndebvu zopota ndi konyada kwambiri. Anasankha wa ku Belgium cifukwa ku Torquay kunali anthu a dzikolo othawa nkhondo.

Kamangidwe ka nthano zao nkosabvuta kukafotokoza. Munthu wafa. Amene anali naye pafupi ndi owerengeka, koma aliyense ali ndi cifukwa comufunira imfa: wina cuma camasiye, wina nsanje, wina ngongole, wina cinsinsi cakale. Awerengi adziwa bwino m'mene manong'onong'o amayambira pamaliro, ndi m'mene cala cimathamangira kwa nkhalamba yosauka kapena mkazi wamasiye. M'mabuku awa mphekesera sizimanga munthu. Wofufuza afunsa kuti wochi inaima nthawi yanji, ndani anatsuka kapu, cifukwa ninji citseko cinali cokhoma. Kawirikawiri amene mudzi wonse unamuloza apezeka wosalakwa, ndipo wakupha ndi uja anali kulira koposa onse.

Mu 1930 anaturutsa The Murder at the Vicarage, buku lalitali loyamba la wofufuza wina, Miss Marple, nkhalamba yosakwatiwa ya m'mudzi wa St Mary Mead. Apolisi amaipeputsa poiona iluka juzi, osadziwa kuti munthu wokalambira m'mudzi umodzi waona kale bodza la mtundu uliwonse.

Mu 1922 anatsagana ndi amuna ao pa ulendo woyendera maiko a ufumu wa Britain, nafika ku mathithi a Mosi-oa-Tunya pa mtsinje wa Zambezi. Malowo anawaika m'buku la The Man in the Brown Suit la mu 1924. Koma kunena zoona, Mwafirika m'bukumo alibe liu. Aoneka ngati wogulitsa ziboliboli pa sitesheni kapena wanchito. Anali maso a mzungu wa masiku a atsamunda, ndipo mai wocenjerayu sanaone kupitirira anzace.

Caka ca 1926 cinali cowawa. Buku la The Murder of Roger Ackroyd linawachukitsa, koma amai ao anamwalira, ndipo amuna ao anapempha kuti ukwati uthe popeza anali atakonda mkazi wina. Usiku wa pa 3 Disembala Mai Christie anacoka panyumba. M'mawa mwace galimoto yao inapezeka itasiyidwa pa Newlands Corner. Apolisi ndi anthu zikwizikwi anasakasaka m'chire ndi m'maiwe, ambiri nakayikira mwamuna kuti wawapha. Patapita masiku 11 anapezeka ali moyo pa hotela ina ku Harrogate, atalembetsa dzina la makolo a mkazi uja anawalanda banja. Madotolo anati anali ataiwala zonse. Eni ace sanafotokoze nkhaniyi m'buku la mbiri ya moyo wao. Ukwati unatha mu 1928.

Mu 1930 anakwatiwanso ndi Max Mallowan, katswiri wofukula mizinda yakale, amene anakumana naye ku Ur m'dziko la Iraq. Zaka zambiri anali kupita naye ku Iraq ndi ku Syria, kuthandiza kutsuka ndi kujambula zofukulidwa, uku akulemba. M'nyengo imeneyi munaturuka Murder on the Orient Express mu 1934, Death on the Nile mu 1937 ndi And Then There Were None mu 1939. Mabuku a milandu onse pamodzi anakwana 66. Sewero lao la The Mousetrap linayamba kuonetsedwa mu London mu 1952 ndipo silinaime mpaka mu 2020, pamene mliri wa korona unatseketsa nyumba za masewero kwa caka ndi miyezi.

Ena amawadzudzula kuti anthu a m'nthano zao ali ngati zidole, ndipo pena ndi zoona. Koma pa za mankhwala sanali kulemba mwacisawawa. M'buku la The Pale Horse la mu 1961 anafotokoza zizindikiro za ciphe cochedwa thallium, makamaka kuthothoka kwa tsitsi. Mu 1977 nyuzipepala zinasimba za kamwana ka ku Qatar kamene kanali pafupi kufa pa cipatala ca Hammersmith mu London, madotolo atasowa nthenda yace. Namwino wina amene anali kuwerenga bukulo ndiye anachula thallium. Atapima anapeza kuti ndi zoona, ndipo mwanayo anapulumuka.

Mlembiyo sanaimve nkhani imeneyi. Mfumukazi Elizabeth inawapatsa ulemu wa Dame mu 1971, ndipo anamwalira pa 12 Januwale 1976 ku Wallingford, ali ndi zaka 85.