NSOMBA NAYO ILI NDI MPHUNO, OYILO WAKUDA ASALOWE M'NYANJA

 Uthengawu ndi wautali koma werengani mpaka kumapeto.

Nsomba zikasowa timaloza mwera, timaloza maneti a udzudzu, timaloza kuchuluka kwa zilimira. Zonsezo nzoona. Koma pali chinthu chimodzi chomwe sitichitchula: zomwe timathira m'madzi. Ine ndikuti oyilo wakuda, petulo ndi mankhwala a kudimba zisalowenso m'nyanja, chifukwa nsomba imakhalira moyo kununkhiza ndi kulawa madzi amenewa.

Gwirani chambo muone pamwamba pa mlomo. Pali kabowo kamodzi mbali iliyonse. Mlamba uli ndi tiwiritiwiri. Imeneyo ndi mphuno. Siyopumira ayi, kupuma ndi ntchito ya makha. Madzi amalowa m'timabowomo n'kukhudza maselo amene ntchito yake ndi kumva fungo basi.

Nanga selo limamva bwanji fungo? Yankho linapezeka mu 1991 ndi Linda Buck ndi Richard Axel a ku America, ndipo analandira nalo mphoto ya Nobel mu 2004. Anapeza kuti pa maselo a m'mphuno pali timapuloteni tokhala ngati sipanala, ndipo fungo lili ngati nati. Sipanala ya 10 siyigwira nati ya 17, amakaniko mukundimva. Kachidutswa ka fungo kakakwana pa sipanala yake, selo limatumiza uthenga ku ubongo. Selo lililonse limanyamula sipanala ya mtundu umodzi, koma fungo limodzi limakwana pa masipanala angapo, ndiye ubongo umawerenga kuti agwira ndi ati, n'kudziwa kuti uyu ndi usipa wofutsa, uyu ndi petulo.

Sipanala iliyonse ili ndi malangizo ake opangira m'thupi, otchedwa ma gene. Osati majini a kwa sing'anga, musathawe. Munthu ali ndi ma gene a fungo ogwira ntchito pafupifupi 400. Mbewa zimaposa 1,000. Njovu ili ndi pafupifupi 2,000. Kansomba kotchedwa zebrafish, kachibale ka usipa wathu, kali ndi pafupifupi 150.

Apa ndiye pali nkhani. Asayansi atayerekeza ma gene amenewa anapeza kuti a nsomba, a chule, a mbalame ndi athu ndi banja limodzi. Kununkhiza kunayambira m'madzi. Nyama za msana zitayamba kukhala pamtunda zaka zoposa 350 miliyoni zapitazo, ma gene omva fungo la mumpweya anachulukana kwambiri. Mpaka lero fungo limayamba lasungunuka m'mamina a m'mphuno mwanu kuti mulimve. Ena mudzatsutsa za zaka mamiliyonizo, chabwino, tidzakambirana pa bawo. Koma timabowo ta chambo tilipo, aliyense atha kutiona.

Kulawa nako chimodzimodzi. Lilime lathu limamva zinthu zisanu: kutsekemera, kuwawa, kuwawasa, mchere, ndi kukoma kwa msuzi wa nyama kapena tomato, komwe Kikunae Ikeda wa ku Japan anakufotokoza mu 1908 n'kukutcha umami. Masipanala omva kuwawa tili nawo pafupifupi 25, chifukwa zomera zambiri za poizoni zimawawa. Mphaka gene yake ya kutsekemera inafa, ndiye shuga kwa iye ndi mchenga chabe, poti amadya nyama yokha. Dolphin, nyama ya m'nyanja zamchere yomwe makolo ake anali apamtunda, inataya pafupifupi ma gene onse a fungo. Chomwe nyama siyigwiritsa ntchito chimatha. Ndiye ngati nsomba zasunga mphuno nthawi yonseyi, ndiye kuti zimaidalira.

Kampango ndi mlamba zimalawa ndi ndevu zija, ndipo nsomba za mtundu wa mlamba zimalawanso ndi khungu la thupi. Zimamva timadzi totuluka m'nyama, tomwe asayansi amati ma amino acid. Nchifukwa chake nyambo ya usipa imagwira kampango usiku wa mdima bii, nsombayo isanaione nkomwe. Madala athu a mbedza amadziwa zimenezi popanda buku.

Fungo limapulumutsanso. Mu 1938 Karl von Frisch wa ku Austria anaona kuti kansomba kovulala kakabwezedwa m'madzi, gulu lonse limabalalika. Khungu lovulalalo limatulutsa fungo lochenjeza anzake kuti pano pali mdani. Izi zimapezeka m'gulu la nsomba lomwe muli usipa, mpasa, nchila ndi milamba.

Fungo ndi njiranso. M'zaka za m'ma 1950 Arthur Hasler ndi mnzake Warren Wisby anatseka mphuno za nsomba za salmon ku America. Zitafika pa mphambano ya mitsinje, zotsekedwazo zinasokera, pomwe zosatsekedwa zinalowa mumtsinje womwe zinachokera. Kenaka akafukufuku ena anapeza kuti kopa wochepa zedi m'madzi amagonthetsa mphuno ya salmon, moti siyimvanso fungo lochenjeza lija. Mankhwala ena ophera tizilombo amachitanso chimodzimodzi. Zimenezo ndi za kunja, eya, koma mphuno ya nsomba ndi banja limodzi lija. Kopa ali m'mankhwala ena amene timapopera tomato, ndipo mpasa wathu amakwera mitsinje monga Bua kukaswa, m'madzi omwewo amene ena amatsukiramo sipuleya.

Tsopano ku mbali yathu ya ma injini. Injini ya thusitiroko imalavulira m'madzi gawo la petulo ndi oyilo zosapsa, makamaka ikakhala yosakonzedwa kapena mwachulutsa oyilo posakaniza. Onjezani oyilo wa magiya yemwe ena amakhuthulira pamchenga, ndi kabuleta yotsukidwa ndi petulo pagombe. Nsomba ya m'madzi a mafuta imanunkha mafuta, amayi ogula amadziwa ndipo amatsitsa mtengo pomwepo. Ngati ife a ma gene 400 tikumva fungolo nsomba itaphikidwa kale, nanga mwini wake amene madziwo amamudutsa m'mphuno usana ndi usiku?

Wina ati, aise, nyanja ndi yaikulu, lita imodzi itani? Koma oyiloyo sitithira pakati pa nyanja. Timathira m'mphepete, posaya, m'mabango, pomwe kasawala amakulira asanakhale chambo. Ndipo dooko limodzi lili ndi ma injini angati? Pali madooko angati kuchokera ku Mangochi kukafika ku Karonga? Aliyense akati yanga ndi lita imodzi yokha, mwaona pomwe tikupita.

Pempho langa silofuna ndalama. Oyilo wa magiya akhuthulidwire m'chigubu, kumtunda. Sakanizani petulo ndi oyilo mwa muyeso womwe opanga injiniyo analemba, osati mwa maso. Mukaona utoto wonga utawaleza kumbuyo kwa boti, pitani nayo kwa makaniko tsiku lomwelo, mwina ndi masilo chabe. A kudimba, sipuleya tsukirani kutali ndi mtsinje. A BVC, ikani mgolo umodzi wa oyilo wakale pa dooko lililonse, ndipo wothira m'madzi alipitsidwe ngati wogwira ndi neti yoletsedwa.

Ine ndimadya za ma injini, bambo anga amadya za matchera, koma tonse mbale yathu ndi nyanja yomweyi. Nsomba zikatha palibe adzabweretse injini kudzakonzetsa. Tumizani ku magulupu a asodzi, ndipo amene ali ndi maganizo ena ayankhe, tikambirane.