Chikalata cha Madandaulo: Mapu a Malo Osefukira Madzi Atuluke Poyera

Kwa: Akuluakulu oyang'anira mapulani a mzinda ndi kagawidwe ka malo, oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi oyang'anira makampani a inshuwalansi

Kuchokera kwa: Anthu okhala ndi kuchita malonda m'mbali mwa mitsinje ya Mudi, Nasolo ndi Naperi, komanso m'munsi mwa mapiri a Soche ndi Ndirande, mumzinda wa Blantyre

Olemekezeka,

Ife amene tasaina pansipa ndife eni nyumba, anthu a lendi, eni zigayo ndi maokala, akalipentala ndi amayi a geni. Tikulemba mvula isanayambe chifukwa tatopa kukumana nanu pamaliro pokha.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse munafa anthu oposa 600, ndipo mazana ena sanapezeke. Tinali titaona kale madzi a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, ndi namondwe wa Ana mu 2022, yemwe anawononga damu la Kapichira n'kutisiya mumdima. Makolo athu ankati kwadutsa Napolo. Njira zake sizobisika, ndipo zikhoza kujambulidwa papepala.

Dandaulo lathu lalikulu ndi ili: timauzidwa kuti tili pamalo oopsa, koma palibe amene anatisonyeza pamene malo oopsawo ayambira ndi pamene athera. Mawuwa amaluma ife tokha. Mwini chigayo akapita kukafuna inshuwalansi, akangotchula dzina la dera lake, amakanidwa kapena kupatsidwa mtengo woti athawe yekha. Safunsidwa ngati chigayocho chili pagombe penipeni kapena pachitunda pomwe madzi sanafikepo. Ena mwa ife tinalipira zaka zambiri, n'kudzauzidwa katundu atapita kuti pepala lathu linali la moto ndi kuba basi, mawu ake ali m'Chingerezi cha timalemba ting'onoting'ono. Ndipo nyumba yopanda inshuwalansi mabanki saivomera msanga ngati chikole cha ngongole, choncho amene akufuna kukweza maziko kapena kumanga ndi simenti alibe pogwira.

Pomwepo mapuloti akugulitsidwabe m'mphepete mwa mitsinje yomweyo. Madambo omwe ankamwa madzi akukwiriridwa ndi dothi, pakumangidwa nyumba zikuluzikulu ndi mipanda ya njerwa, ndipo madzi osowa kolowera amabwera m'makomo mwathu. Okumba mchenga adya magombe, mapiri ameteka, ngalande ndi makalavati zadzaza zinyalala. Ngati malowa ndi oopsa kwa mayi wa mandasi, akhala bwanji abwino kwa mwini galimoto?

Sitikukana kuti ngozi iyesedwe. Tikukana kuti iyesedwe ndi anthu okhala pa kompyuta amene sanapondepo matope athu. Dziko lino linaphunzira kale. Pa chilala cha 2016, inshuwalansi imene boma linagula ku African Risk Capacity poyamba sinalipire kanthu, chifukwa mawerengedwe ake ankaganizira mtundu wa chimanga wosiyana ndi umene alimi ambiri anabzala. Atakonza cholakwikacho, ndalama zoposa madola 8 miliyoni zinatuluka, koma njala itapweteka kale anthu. Ngati boma lenilenilo linachedwetsedwa chonchi, nanga mwini okala ku Manja angadandaule kwa yani?

Choncho tikupempha kuti pakhale mapu amodzi a malo osefukira madzi ndi a zigumukire, ojambulidwa akatswiri akuyenda ndi ife, popeza zizindikiro za pamene madzi anafika zikadalipo pamakoma. Mapuwo apachikidwe m'maofesi a makhansala, m'misika ndi m'sukulu, m'Chichewa. Aliyense awatsatire mofanana: wogawa malo, wopereka chilolezo chomangira, banki ndi kampani ya inshuwalansi. Wogulitsa puloti pamalo oletsedwa ayankhe mlandu iyeyo, m'malo mongogumulira wogula amene anaika thukuta lake lonse pamenepo. Kampani ikakana munthu kapena kumukwezera mtengo, ilembe chifukwa chake, ndipo amene wakonza ngalande n'kulimbitsa nyumba aone kusintha pa zimene akulipira.

Za kusamuka, tikudziwa kuti mu 2023 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi m'malo mwa la 1991. Pali mabanja pakati pathu okonzeka kuchoka mawa lomwe. Koma munthu amene amadya ndi ganyu wa ku Limbe simungamuike kutali kopanda mjigo, sukulu kapena minibasi n'kudabwa akabwerera. Anthu a lendi nawonso awerengedwe, chifukwa thandizo likabwera nthawi zambiri limalembedwa m'dzina la mwini nyumba pomwe katundu wokokoloka anali wawo.

Tikupempha yankho lolembedwa pasanathe masiku 30, lotiuza ofesi imene itenge nkhani ya mapu ndi tsiku limene ntchito yotsegula ngalande iyambe. Msonkhano wokambirana izi uchitikire kuno kudera, osati kuhotela.

Ndife anu,

Okhala ndi ochita malonda m'madera atchulidwawa
(Mayina ndi zidindo za zala zili pamapepala otsatira)