Apulo yolumidwa siilemba kabuku

Ku wailesi yathu ya m'komboni kumabwera achinyamata a ku Kanyama, Chawama ndi George ofuna kulemba. Wina ali ndi kabuku kophunzitsa kumanga sola, wina kanyuzipepala ka mpingo, wina mapulogiramu a maliro. Funso lao ndi limodzi: "Tigule MacBook?" Ife timayankha kuti iyai. Musatenge kaloba chifukwa cha apulo yowala pa chivundikiro.

Amene amakuuzani kuti katswiri weniweni amasewenzetsa Mac ndi InDesign sadzakulipirirani. Kuyambira 2013, Adobe inaleka kugulitsa InDesign yatsopano kamodzi n'kutha. Manje ndi lendi, monga nyumba, ndipo ise timalandira makwacha, osati madola. Ena amathawira ku mapulogiramu okuba a pa flash. Mnzathu wina anatero, vairasi inadya kabuku kake konse usiku woti mawa akapulinte.

Pabweranso vuto lina. Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo malaputopu ambiri akale amene timagula mu tauni amakana Windows 11: alibe TPM 2.0, kapena purosesa ndi yakale. Ogulitsa akuti tayani, gulani ina. Ise tikuti ikani Linux Mint, kapena Ubuntu imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004. LibreOffice ndi yolembera, Scribus ndi yoyalira masamba ndi zithunzi, Audacity ndiyo timadulira mau pa wailesi. Zonsezi n'zaulere, ndipo simunabe.

Mudzati, "Koma opulinta amafuna CorelDRAW." Apatseni PDF, zilembo sizidzasuntha. Sitikubisirani: sabata yoyamba mudzatukwana, chifukwa mabatani ali kwina. Ndipo ngati makasitomala amakutumizirani mafailo a Corel tsiku ndi tsiku, khalani pa Windows, koma yolipiridwa. Nchito ndiyo isankhe makina, osati maso a anzanu.

Ndalama yotsalayo gulani batire yatsopano ndi flash yosungirapo kope lachiwiri. Mukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, mmene malaiti anali kubwerera usiku tili mtulo? Amene anatsiriza nchito anali a batire yolimba.

Mnyamata wa ku Matero akadzatsegula kabuku kanu ka sola, sadzafunsa kuti munalembera pa chiani. Adzafuna chabe kudziwa kuti waya wofiira upita pati.